Mankhwala a Chiwawu cha Mbatata ndi Madzi Amene Timamwa

Mawu amene analankhulidwa pamsonkhano wa atsogoleri a m'madera ndi m'nthambi pamodzi ndi ogwira ntchito za Boma.



 Ntchito yanga ndi yofalitsa nkhani, ndipo nkhani imene ndabwera nayo lero ndi ya mbatata ya kachewere, imene ena amaitcha mbatatesi, pamodzi ndi madzi a m'chitsime. Mwina ena a inu mukudabwa kuti zinthu ziwirizi zikukumana pati. Ndikupemphani kuti mundilezere mtima, pakuti pamene zikukumanirapo ndi pansi pa nthaka, pamene maso a munthu safika.

Aliyense amene anayendapo pamsewu waukulu wochokera ku Lilongwe kunka ku Blantyre akudziwa milu ya mbatata imene imaunjikidwa pa Bembeke, pa Lizulu ndi pamphambano ya ku Tsangano. Ku Dedza, ku Ntcheu, ku Neno ndi ku Ntchisi kuli mabanja ambiri amene anafolera nyumba zawo ndi malata ndi kuphunzitsa ana awo chifukwa cha mbewu imeneyi. Mnyamata wokazinga tchipisi pachiwaya ku Ndirande kapena ku Kawale nayenso amadya chifukwa cha thukuta la mlimi wa ku Tsangano. Chotero munthu wolankhula za mbatata ayenera kulankhula mosamala, chifukwa akukhudza m'mphika mwa anthu ambiri.

Mdani wamkulu wa mbewu imeneyi alimi amamudziwa bwino kuposa ine, ndiye chiwawu. Chimabwera nyengo ikakhala yozizira ndi yachinyezi, pamene kuli chifunga, mame ambiri kapena mvula yamawawa yosakata, ndipo imeneyi ndiyo nyengo ya kumapiri kumene mbatata imachita bwino. Chimayamba ndi madontho odera pamasamba. Mukatembenuza tsambalo m'mawa mumaona kunsi kwake kuli chuku choyera. Kenaka tsinde limada, masamba amafota ngati awauka ndi moto, ndipo mvula imatsitsira nthendayo m'mizere, nkukaoletsa mbatata imene iri pansi. Munda umene unali wobiriwira ukhoza kutheratu m'sabata ziwiri zokha. Kachirombo koyambitsa zimenezi akatswiri amakatcha Phytophthora infestans, ndipo ndi komweko kamene kamawaula matimati.

Kuti tione kukula kwa mdaniyu, tikumbukire zimene zinachitika ku Ireland. M'chaka cha 1845 chiwawu chinafika m'dzikolo, kumene anthu osauka ankadalira mbatata monga momwe ife timadalirira chimanga. Pofika 1852 anthu pafupifupi miliyoni imodzi anali atafa ndi njala ndi matenda, ndipo enanso ochuluka chimodzimodzi anali atathawira maiko ena. Olamulira a nthawi imeneyo nawonso anali ndi mlandu wawo pa imfa zimenezi, koma chimene chinayambitsa ndi nthenda ya m'munda imene inalibe mankhwala. Mankhwala oyamba odalirika anadziwika m'chaka cha 1885, pamene Millardet wa ku France anasonyeza kuti mkuwa wosakaniza ndi laimu umateteza mphesa, ndipo pambuyo pake alimi anayamba kupopera mankhwala omwewo pa mbatata.

Ndanena zimenezi poyambirira kuti pasakhale munthu wotuluka muno nkumakauza anthu kuti pamsonkhano paja analetsa kupopera. Iai. Mlimi wa kumapiri amene sateteza mbatata yake m'chaka cha mvula yambiri amakolola misozi. Funso langa ndi lina: tikapopera, mankhwala aja amapita kuti?

Ambiri a ife timaganiza kuti mankhwala akauma patsamba ndiye kuti nkhani yatha. Sizitero. Ena amagwera pansi nthawi yomweyo yopopera, ena amakokoloka ndi mvula yotsatira, ndipo nchifukwa chake mlimi amabwereza kupopera pakapita sabata kapena masiku khumi. M'maiko a mvula yambiri munda umodzi umapoperedwa kakhumi kapena kupitirira apo mbatata isanakumbidwe. Mankhwala onse ogwera pansiwo amakumana ndi madzi amene akulowa m'nthaka. Tsono nthaka iri ngati sefa. Nthaka ya makande ndi nthaka ya manyowa ambiri imagwira mankhwala nkuwasunga pamwamba, pamene dzuwa, mpweya ndi tizirombo ta m'nthaka timawaphwanya. Koma nthaka ya mchenga imangowalola kudutsa, ndipo pamene madzi a pansi ali pafupi, ulendo wake ndi waufupi. Akafika kumeneko apeza mdima, mpweya wochepa ndi tizirombo tochepa, kotero kuti chinthu chimene pamwamba chikanatha m'masiku owerengeka, pansi chimakhala nthawi yaitali. Madzi a pansi nawonso sathamanga ngati a mumtsinje. Amayenda pang'onopang'ono m'ming'alu ya miyala ndi mumchenga, ndipo madzi amene mayi akutunga lero pakasupe akhoza kukhala mvula imene inagwa zaka zingapo zapitazo.

Palinso chinthu china chimene chinanyenga ngakhale anthu ophunzira kwa zaka zambiri. Mankhwala akamaphwanyika sasanduka chabe. Amasanduka zidutswa zina, zimene ndizitche kuti ana a mankhwala, ndipo kawirikawiri mwanayo amayenda m'madzi msanga kuposa kholo lake.

Titenge mancozeb, ufa wachikasu uja umene tonse timaudziwa ndi dzina la Dithane. Ufa weniweniwo umakakamira kunthaka ndipo suchedwa kuphwanyika. Koma pophwanyikapo umabala mwana wotchedwa ETU, amene amasungunuka m'madzi mosabvuta. Akatswiri poyesa pa nyama anapeza kuti ETU amasokoneza chithokomiro, chiwalo cha pakhosi chija chimene chikatupa timati munthu ali ndi chotupa cha pakhosi, ndiponso amapweteka ana a m'mimba. Mu Disembala 2020 bungwe la maiko a European Union linakana kuwonjezera chilolezo cha mancozeb, ndipo makampani opanga mankhwalawo anatengera nkhaniyo kukhoti. Titengenso metalaxyl, amene ali mu Ridomil mosakaniza ndi mancozeb. Ameneyu amalowa m'kati mwa mmera, ndipo nchifukwa chake alimi amamukonda, pakuti mvula simutsuka msanga. Koma amene wagwera pansi sagwidwa bwino ndi nthaka, amatsika ndi madzi, ndipo anapezekapo m'madzi a pansi m'maiko angapo. Metalaxyl ali ndi phunziro linanso. Anayamba kugulitsidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, koma pofika 1980 alimi a ku Ireland ndi ku Netherlands anaona kuti chiwawu chamuzolowera chifukwa chomugwiritsa ntchito payekha mobwerezabwereza. Choncho kupopera mopyola muyeso kumaononga ngakhale mphamvu ya mankhwala omwewo.

Wachitatu ndi chlorothalonil, amene ena a inu mumamudziwa ndi dzina la Daconil kapena Bravo, ndipo pa ameneyu ndifuna kukhalitsapo pang'ono, chifukwa nkhani yake inachitikira alimi a mbatata onga athu omwe.

Ku Central America kuli dziko laling'ono lotchedwa Costa Rica. M'chigawo cha Cartago, m'mbali mwa phiri la Irazú, muli midzi ya alimi imene imadyetsa dzikolo mbatata, kaloti, anyezi ndi kabichi. Ndi malo okwera, ozizira, a chifunga ndi a nthaka yabwino, ndipo munthu wa ku Bembeke atafikako sangadzimve kukhala mlendo. Chifukwa cha chinyezi chimenechi alimi akumeneko akhala akupopera chlorothalonil kwa zaka zambiri. Umodzi mwa midziyo ndi Cipreses, m'boma la Oreamuno, umene madzi ake a m'mipope amachokera pa akasupe a m'phiri lomwelo. Lamulo la dzikolo limati kuzungulira kasupe wopereka madzi akumwa pasiyidwe malo a mamita 200 osalimidwa. Lamuloli linalipo m'mabuku, koma minda inakwawa chaka ndi chaka mpaka inayandikira akasupewo.

Amene anayamba kufunsa mafunso sanali akuluakulu a m'maofesi. Anali anthu a m'mudzi momwemo, amene anaona minda ikuyandikira kasupe ndipo anaumirira kuti madzi akayezedwe. Akatswiri a pa Universidad Nacional atayeza, anapezamo ana a chlorothalonil. Mu Okutobala 2022 unduna wa zaumoyo wa dzikolo unalamula kuti anthu a ku Cipreses asamwe madzi a m'mipope yawo ndiponso asaphikire, ndipo kuyambira pamenepo madzi akumwa anayamba kubwera pa magalimoto a matanki. Posakhalitsa mudzi woyandikana nawo wa Santa Rosa unagwa m'bvuto lomwelo. Taganizani, amayi ndi abambo: mpope uli pakhomo, madzi akutuluka oyera mbee, opanda fungo, opanda kuwawa, koma mayi akudikira galimoto pamsewu ali ndi zigubu m'manja. M'chaka cha 2023 khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo linagamula kuti chlorothalonil aletsedwe, ndipo mu Novembala chaka chomwecho boma la Costa Rica linatulutsa lamulo loletsa mankhwalawo m'dziko lonse.

Wina anganene kuti zimenezo zinachitika chifukwa dzikolo ndi losauka ndipo alimi ake ndi osasamala. Tsono tiyeni tipite ku Switzerland, dziko lolemera, lodziwika ndi ukhondo ndi kusunga malamulo, kumene madzi akumwa ambiri amachokera pansi pa nthaka. Kumeneko chlorothalonil anagwiritsidwa ntchito mololedwa kuyambira m'ma 1970 pa tirigu, pa mbatata, pa ndiwo zamasamba ndi pa mphesa. Kwa zaka zonsezo madzi ankayezedwa ndipo ankaoneka abwino, chifukwa oyezawo sankafunafuna ana ake a mankhwalawo. Atayamba kuwafunafuna anawapeza m'madzi a pansi m'madera ambiri a ulimi a pakati pa dzikolo. Maiko a European Union anagamula zoletsa chlorothalonil mu 2019, ndipo Switzerland inaletsa kupopera kuyambira pa 1 Januwale 2020. Koma kuletsa sikunayeretse madzi tsiku lomwelo. Zaka zingapo zitapita ana a mankhwala aja anali akupezekabe, popeza zimene zinalowa pansi m'zaka makumi anai sizingatuluke m'dzinja limodzi. Ku France nako, bungwe la boma loona za chitetezo cha zakudya ndi umoyo, lotchedwa ANSES, linalengeza mu 2023 kuti linapeza mmodzi mwa ana amenewa m'madzi akumwa opitirira theka la amene linayeza, patapita zaka zitatu chiletsereni mankhwalawo.

Pano ndiyenera kulankhula chilungamo, pakuti wofalitsa nkhani amene amaopseza anthu mopyola muyeso, mawa sakhulupiriridwa. Muyeso umene maiko a ku Ulaya amagwiritsa ntchito ndi wokhwima kwambiri: mamaikilogalamu 0.1 pa lita imodzi. M'chinenero chathu, ndiye kuti galamu imodzi ya mankhwala, imene siingadzaze ndi supuni ya tiyi yomwe, m'malita 10 miliyoni a madzi, kapena titi ndowa za malita 20 zokwana 500,000. Muyeso umenewu anauika pofuna kuti madzi akumwa akhale opanda mankhwala, osati chifukwa chakuti munthu akamwa madzi opyola pamenepo agwa pompo. Ndiponso mu 2024 bungwe lija la ku France, litaunikanso, linanena kuti mwana wa chlorothalonil amene linamupeza kwambiri uja sali woopsa monga linkaganizira poyamba. Chotero akatswiri amatsutsana pa kukula kwa ngoziyo. Chimene satsutsana ndi ichi: mankhwala opoperedwa pamasamba anafika m'madzi akumwa, anakhalamo zaka, ndipo kuwachotsa nkokwera mtengo kotero kuti ngakhale mizinda ya ku Switzerland inabvutika nako. Kuwiritsa madzi, kumene kumatipulumutsa ku kolera, sikuchotsa zinthu zimenezi. Kolorini amene timathira m'ndowa nayenso sazichotsa. Zimafuna makina ndi masefa apadera. Kwina njira imene inatsala inali kutseka chitsimecho kapena kusakaniza madzi ake ndi madzi ochokera kwina. Tidzifunse tokha kuti mudzi wa mjigo umodzi, umene ukatsekedwa amayi abwerera kumtsinje, ungasakanize ndi madzi ochokera kuti.

Makolo athu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Tsono tibwerere kwathu, ndipo tilowe m'dimba.

Mbatata yambiri ya nthawi yachilimwe imalimidwa m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje. M'dambo madzi a pansi ali pafupi kwambiri, moti munthu akakumba mpaka m'chiuno kapena m'khosi wawapeza. Kachitsime kameneko ndiko kamene mlimi amathiririra mbewu. Ndi komwekonso amatungamo madzi osungunulira mankhwala, ndipo dzuwa likatentha, iye, mkazi wake ndi mwana amene wabweretsa chakudya amamwa momwemo. Pakati pa tsamba lopoperedwa ndi madzi akumwa palibe phiri la miyala monga ku Switzerland. Pali nthaka yochepa chabe, ndipo nthawi zina palibe ndi nthaka yomwe.

Ndinadziwonera ndekha chaka china nditapita kukazonda achibale kumapiri. Ndinapeza bambo wina, mlimi wakhama amene munda wake unali wosiririka, akusungunula ufa wachikasu m'mphepete mwenimweni mwa chitsime cha m'dimba mwake. Ankayeza ndi kachibiriti, ankatakasa ndi kamtengo, ndipo mpope wopoperera utadzaza thobvu linasefukira pansi. Atatsiriza kupopera anatsuka mpopewo pomwepo, madzi otsukirawo nkuwakhuthulira pa udzu pafupi ndi chitsime, ndipo kapepala ka mankhwala kanauluka ndi mphepo nkukagwera m'ngalande. Ndinamufunsa ngati sakuopa. Anandiyankha mwaulemu kuti, "Bwana, amenewa ndi mankhwala a masamba, si a tizirombo. Sapha ndi nkhuku yomwe." Bambo ameneyu sanali mbuli ndipo sanali woipa mtima. Ananena zimene maso ake anaona, ndipo nzoona kuti mankhwala a chiwawu sagwetsa munthu msanga monga amachitira ena ophera tizirombo. Kumeneko ndiko kunyenga kwake. Choopsa chake si cha tsiku limodzi, koma cha pang'onopang'ono, kwa munthu amene akumwa madzi omwewo m'mawa ndi madzulo kwa zaka, makamaka mayi woyembekezera ndi mwana wamng'ono. Mlanduwo sindinauike pa iye. Ndinauika pa ife amene tinamuphunzitsa kupopera koma sitinamuphunzitse kumene ayenera kutsukira mpope.

Akatswiri a ku Ulaya anapeza kuti gawo lalikulu la mankhwala a ulimi amene amafika m'mitsinje silichokera m'munda monse, koma pamalo amodzi pamene mlimi amasungunulira ndi kutsukira. Chifukwa chake nchosabvuta kumvetsa. M'munda mankhwala amamwazikana pamalo aakulu, koma pamalo otsukira amathiridwa pamodzimodzi sabata ndi sabata, mpaka nthaka ya pamenepo imalephera kuwagwira. Nkhani imeneyi ndi yolimbikitsa, chifukwa ikutanthauza kuti mbali yaikulu ya bvutoli tikhoza kuithetsa popanda kugula chirichonse. Madzi atungidwe ndi ndowa yoyera, anyamulidwe kupita kumtunda, ndipo kusungunula kuchitikire m'munda, kutali ndi chitsime. Madzi otsukira mpope apoperedwe pa mbewu zomwezo, osati kutayidwa pamalo amodzi. Botolo latha litsukidwe katatu, madzi ake athiridwe mumpope, kenaka libooledwe kuti wina asasungiremo mchere, mafuta ophikira kapena thobwa. Alangizi a zaumoyo anatiphunzitsa kale kuti chimbudzi chikumbidwe mamita 30 kuchokera pachitsime, ndipo anthu anamva. Ngati tinatha kusuntha chimbudzi, sitingalephere kusuntha malo osungunulira mankhwala.

Mafumu athu, pano ndipamene tikudalira inu. Ku Cipreses lamulo la mamita 200 linalipo, koma panalibe woimirira pakasupe nkunena kuti khasu lilekezere apa. Kwathu kuno munthu ameneyo alipo, ndiye mfumu. Inu ndinu mumagawa malo a dimba ndipo inu ndinu mumaweruza milandu ya malire. Ndikupemphani kuti mukhale pansi ndi makomiti a mijigo, muyendere chitsime chirichonse ndi kasupe aliyense amene anthu amamwapo, mugwirizane malire, ndipo m'kati mwa malirewo musalimidwe mbewu yopopera. Mubzalemo udzu wa vetiva kapena mitengo. Ndikudziwa kuti malo ndi ochepa ndipo mwini dimba adzadandaula kuti mwamudula mizere. Kudandaula kumeneko nkwenikweni ndipo kuyenera kumvedwa, mwina pomupezera kachigawo kena. Koma mizere isanu ya mbatata siingafanane ndi madzi a mudzi wonse. Ndipo inu a makomiti a mijigo, musaone simenti yozungulira mjigo itang'ambika nkumati bola madzi akutuluka. Mjigo wakuya ndi wotetezeka kuposa chitsime cha m'dambo chifukwa madzi ake amachokera pansi kwambiri, koma mng'alu wa pasimenti ndi khomo lolowera madzi oipa a pamwamba, ndipo thumba limodzi la simenti likhoza kutseka khomo limenelo.

Kwa alangizi a zaulimi ndinena izi. Mankhwala amene sanapoperedwe sangalowe m'chitsime, choncho njira iriyonse yochepetsa kupopera popanda kutaya zokolola ndi yoteteza madzi. Chiwawu kawirikawiri chimabwera ndi mbewu yodwala, ndi mbatata zotsalira m'munda zimene zimamera zokha, ndi milu ya mbatata zoola imene imatayidwa m'mbali mwa munda. Zimenezi zimafuna khasu, sizifuna ndalama. Mbatata isatsatizane kapena kuyandikana ndi matimati. Mizere ikwezeredwe bwino kuti nthenda yochokera kumasamba isafike pa mbatata, ndipo masamba adulidwe kutatsala sabata ziwiri kuti tikumbe. M'dimba tithirire m'mawa ndiponso patsinde, kuti masamba asagone onyowa. Akatswiri athu a kafukufuku, mogwirizana ndi bungwe la International Potato Center, anatulutsa mitundu yatsopano monga Chuma, Thandizo ndi Zikomo, ndipo kupirira chiwawu ndi chimodzi mwa zimene ankayang'ana posankha. Mlimi wobzala mtundu wopirira sayenera kupopera kawirikawiri ngati wobzala mtundu wosapirira, koma adzachepetsa pokhapokha mutamuuza, chifukwa dzanja linazolowera sabata ndi sabata. Muwauzenso kuti kupopera mitambo itada kale ndi kutaya ndalama m'madzi, ndiponso kuti kuwonjezera muyeso kuposa umene walembedwa sikuwonjezera mphamvu. Zowonjezerazo zimangotsikira pansi.

Pali chizolowezi china chimene chikundidetsa nkhawa, ndicho kugula mankhwala opimidwa m'timapepala ta pulasitiki pamsika, opanda dzina, opanda malangizo, opanda tsiku lothera mphamvu. Mlimi amagula chifukwa alibe ndalama ya paketi yonse, ndipo sindimunyoza. Koma munthu wogula chotero sadziwa chimene akuthira m'munda mwake, ndipo amayeza mongoganizira. Dziko lino liri ndi lamulo la mankhwala a mbewu la chaka cha 2000, limene linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board kuti lizilembetsa mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa. Ndi udindo wa atsogoleri a m'nthambi kuuza anthu kuti azigula kwa ogulitsa a chiphaso, ndipo ngati paketi yakula mtengo, alimi a m'kalabu imodzi asonkherane nkugula imodzi yokhala ndi malangizo ake. Mankhwala akaletsedwa ku maiko ena sasowa pa dziko lapansi, amangofuna msika wina. Nchifukwa chake anzathu amene amalembetsa mankhwala ayenera kumatsatira zimene zinapezeka ku Costa Rica ndi ku Ulaya, ndi kuziyeza pa nthaka yathu ndi pa madambo athu.

Tsono kwa inu ogwira ntchito za Boma m'maofesi a madzi ndi a zaumoyo. Phunziro lalikulu la ku Switzerland ndi lakuti munthu amapeza chokhacho chimene akufunafuna. Kuyeza madzi kwa masiku onse kumayang'ana tizirombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba, mchere ndi zina zotero, ndipo nkofunika kwambiri. Koma madzi akhoza kupambana mayeso onsewo ali ndi ana a mankhwala m'kati, popeza amenewa amafuna makina ena ndi kufunsidwa ndi dzina. Pempho langa ndi lakuti pokonza ndondomeko za ntchito za m'maboma olima mbatata, muikemo kuyeza kotere, ngakhale pa zitsime zochepa zosankhidwa bwino: za m'madambo olimidwa kwambiri, za pa nthaka ya mchenga, ndi zimene pamamwa ana a sukulu. Madziwo atungidwe m'nyengo yopopera ndiponso mvula itangoyamba, osati m'nyengo imene mipope iri pakhoma. Zotsatira zake, kaya zabwino kaya zoipa, zikanenedwe kwa eni ake pabwalo la mfumu m'chinenero chimene akumva. Zikakhala zabwino, anthu adzamwa ndi mtima umodzi ndipo tidzakhala ndi poyambira poyerekeza zaka zam'tsogolo. Zikakhala zoipa, tidzadziwa chitsime choyamba kuchitchinjiriza. Ku Cipreses anthu anachita kuumirira nthawi yaitali asanamvedwe, ndipo sindifuna kuti mayi wa ku Tsangano wobwera ndi funso lotere ku ofesi adzabwezedwe pakhomo kuti abwere mawa.

Ndikudziwa kuti ofesi ya zaulimi, ya madzi ndi ya zaumoyo iriyonse iri ndi mafaelo ake ndi bajeti yake. Woona za mbatata amawerenga matumba, woona za madzi amawerenga mijigo, ndipo woona za umoyo amawerenga odwala. Koma dimba lija ndi limodzi, ndipo bambo uja wa mpope ndi yemweyo amene amalima, amene amatunga ndi amene adzapite kuchipatala. Chotero ndikupempha Bambo Wapampando kuti msonkhano uno usanabalalike, mlangizi wa zaulimi, mlangizi wa zaumoyo ndi wapampando wa komiti ya mjigo a dera lirilonse agwirizane tsiku loti adzayendere limodzi madimba a kwawo nyengo yobzala isanafike, ndipo tsikulo lilembedwe m'buku la msonkhano uno pamodzi ndi maina awo.